Chitsulo Chimene Chinadumpha Tinyade

Mukafika ku Bangwe, n'kutsika minibasi pa siteji yomaliza, n'kutsetsereka ndi kanjira kopita kumtsinje, mupeza shedi ya malata imene chitseko chake chimakhala chotseka ngakhale masana. Mwini wake ndi Laimoni, wowotcherera zitsulo. Anthu a kumeneko akafuna kukamba nkhani yake amayamba atsitsa mawu, ndipo ngati pali mwana amene wakhala pansi chotambalala, amamuuza kuti apinde kaye miyendo.

Laimoni anali bambo wachinyamata, wa manja abwino. Masana ankapanga mageti, mawindo ndi mbaula, dzuwa likapendeka n'kusamba kupita kusukulu yamadzulo. Kumeneko n'kumene anamva za mpikisano wa maloboti omenyana umene unkakonzedwa pa koleji ina ya ntchito zamanja m'tauni. Atafika kunyumba n'kuuza mkazi wake Esinala, mayiyo anasiya kupeta mpunga.

"Maloboti a pamsewu aja ayambanso kumenyana? Ndiye magalimoto aziima bwanji?"

"Si amenewo, mayi a Tinyade. Awa ndi makina. Umapanga wekha, n'kumawayendetsa ndi limoti."

"Basi pangani loti lizikatunga madzi kumpopi. Limenelo ndilichemerera."

Mpikisanowo unali ndi magulu awiri, la makina a matayala ndi la opanda matayala. Opanda matayala ankaloledwa kulemera kwambiri, chifukwa aliyense ankadziwa kuti kuyendetsa chitsulo ndi miyendo si masewera. Laimoni anasankha gulu lovutalo. Anatola mamota awiri a mawaipa a galimoto, matcheni a njinga, mapaipi a bedi lakale ndi batire la njinga yamoto. Miyendo anapanga inayi, yaitali kufika m'mawondo a munthu, mapazi ake n'kuveka mphira za tayala. Pamsana anaika nyundo. Pa mota iliyonse anamangirira fuliwilo ya njinga, kachitsulo kaja kamene kamagwira tcheni ukamapalasa kupita kutsogolo koma n'kumasuka ukapalasa chobwerera. Anatero kuti mdani akakankha makinawo, mota isapse. Kuipa kwake kunali koti chinthucho sichikanatha kubwerera m'mbuyo, koma Laimoni ankati wankhondo sabwerera.

Anachitcha Gogoda, potengera phokoso la mapazi ake pa simenti.

Gogoda anakana kuyenda. Ankaponya mapazi anayi, lachisanu miyendo n'kukolana, n'kugwa chafufumimba. Laimoni anafupikitsa miyendo. Anatsitsa batire kuti kulemera kukhale pansi. Anasintha kutalika kwa sitepe katatu. Mnzake wa kusukulu yamadzulo, Bizaliele wokonza mawailesi, amene anamulumikizira mawaya a limoti, ankangobwera kudzaseka.

"Aise, ameneyu usapite naye ku mpikisano. Pita naye ku bawa, akamupatsa ngongole ngati kasitomala wakale."

Pakhomo panalinso wina amene ankalimbana ndi miyendo yake. Tinyade anali atakwanitsa chaka ndi mwezi umodzi. Ankaimirira atagwira mpando, n'kumazungulira nawo, nthawi zina n'kusiya manja onse awiri kwa kanthawi, maso ali tong'o. Mayi ake ankagwada patsogolo pake n'kumawomba m'manja, "Dede, dede, dede!" Aliyense ankati sabata imeneyo siitha asanaponye phazi. Laimoni anali atamugulira kale tinsapato tofiira pa kaunjika ku Limbe, ndipo madzulo alionse ankatiyeza pa chikhatho chake n'kumaseka yekha.

Lamlungu lina masana Esinala anapita ku kwaya n'kusiyira bambo mwana. Laimoni anayala thumba pakhomo pa shedi, n'kukhazika Tinyade pamenepo ndi kachidutswa ka mbatata m'manja, miyendo ili tambalale. Bizaliele anali atakhala pa ndowa. Gogoda ataikidwa pansi anaponya mapazi awiri, kenaka anakhotera kukhomo. Laimoni anachotsa chala pa limoti. Chitsulocho sichinaime. Chinafika pa mwana, n'kutukula phazi, n'kuliponya tsidya lina la miyendo yake, kenaka lachiwiri, lachitatu, lachinayi, osamukhudza ngakhale chala. Chitatulukira panja chinaima.

Laimoni ananyamula mwana, n'kumufufuza thupi lonse. Panalibe bala. Tinyade sanalire. Ankangoyang'ana chitsulocho, mbatata ili m'manja.

"Bwezera, aise," anatero Bizaliele, akuseka koma osati kwambiri. "Wadumpha mwana ameneyo. Abwerere chambuyo pomwe wadutsapo."

Mawu amenewo Laimoni anakula nawo. Ukadumpha miyendo ya mwana, akuluakulu ankakukalipira kuti ubwerere chambuyo pamwamba pake, apo ayi mwanayo sakula.

"Abwerere ndi chiyani? Alibe giya yobwerera," anayankha. "Komanso zimenezo ankangotiopseza kuti tisamaponde ana. Ichi n'chitsulo, si munthu."

Ananyamula Gogoda m'manja, n'kumulowetsa m'shedi. Esinala atabwera akung'ung'udza nyimbo, Laimoni anatsegula pakamwa kuti anene, koma anaganiza za mmene mayiyo akanakalipira zoika mwana pafupi ndi makina, n'kufunsa za kwaya.

M'mawa mwake Gogoda anayenda.

Laimoni sanasinthe kanthu, ngakhale nati imodzi. Anangolumikiza batire, chitsulo chija n'kuponya mapazi khumi, makumi awiri, mpaka kukhoma. Anafuula ndi chimwemwe, n'kuthamanga kukaitana Bizaliele. Awiriwo anachiyendetsa uku ndi uku m'mawa wonse. Koma pofika masana Laimoni anali atasiya kuseka, chifukwa anayamba kuona kayendedwe kake. Miyendo inkatangadza kuposa mmene anaiwotcherera. Chinkaponya phazi, n'kuima chikugwedezeka, kenaka n'kuthamanga timasitepe tifupitifupi ngati chikuopa kuti pansi pathawa. Chikafika pomwe chimapita, sichinkagwanso chafufumimba. Chinkakhala pansi ndi kumbuyo, phi.

"Wachita chiyani?" anafunsa Bizaliele.

"Mwina matcheni akhazikika."

"Eya. Matcheni."

Tsiku lomwelo Tinyade sanaimirire. Mayi ake atamuimika pa mpando, miyendo inangopindika ngati nsalu yonyowa. Esinala anati mwina ndi mano. Lachitatu, ataona kuti ngakhale kukwawa akukoka thupi ndi manja okha, anapita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, anamupinda mawondo, anamukanda kuphazi, zala n'kugwedera bwinobwino. Anamwino anati ana amasiyana, abwere naye pakatha mwezi.

Mwanayo sankadwala. Ankadya, ankaseka. Koma akamuika pansi, nkhope yake inkatembenukira ku shedi.

Laimoni ankachotsa waya wa batire madzulo alionse n'kusiya Gogoda pakona. Lachinayi m'mawa anamupeza pafupi ndi benchi yogwirirapo ntchito, atatsamira mwendo wa benchiyo. Waya anali lendelende monga anamusiyira. M'fumbi la zitsulo pansi munali mapazi ozungulira benchi, kuzungulira, kuzungulira, osatalikirana nayo, monga amachitira munthu amene sakufuna kusiya chogwira. Anasesa msanga fumbilo. Anadziuza kuti mwina Bizaliele analowa, ngakhale kiyi wa loko anagona m'thumba la buluku lake.

Kansapato kamodzi kofiira kanasowa. Esinala anagwedeza zofunda, anasuzumira pansi pa bedi, ananamizira galu wa aneba. Laimoni anakapeza Lachisanu, m'shedi, pansi pa mimba ya Gogoda. Kanali kosaphwanyika. Anakabisa m'thumba, n'kukakaponya kuseri kwa dengu la zovala kuti mayi akapeze okha.

Loweruka mayi a nyumba yoyandikana, amene khoma lawo linagundana ndi shedi, anamuimitsa pa mpanda.

"Bambo a Tinyade, ndiye mwana wayamba kuyenda osatiuza? Tikanamuphikira dzira."

"Sanayambe, mayi."

"Aa? Nanga amene ndimamumva mbandakucha uja? Amati gu, gu, gu, kenaka phi, ndiye kaphokoso kaja ka mwana akadabwa kuti wagwa. Ine mpaka ndimati koma makolo awa, mwana kumusiya m'zitsulo."

Laimoni anati ndi makoswe. Mayiwo anamuyang'ana, n'kunena kuti makoswe a masiku ano ndi onenepa, n'kubwerera kukachapa.

Kumayambiriro kwa sabata yachitatu, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Laimoni anali m'shedi akunola nyundo ya Gogoda. Batire linali panja, akulitchaja. Pabwalo Esinala anagwada, atagwira mwana m'khwapa, mawu ake atatopa koma akuyesabe.

"Tiye mama. Dede, dede, dede."

Kumbuyo kwa Laimoni kunamveka kulira kwa tcheni. Anatembenuka pang'onopang'ono. Gogoda, amene anali atakhala pansi, anali akudzuka. Anawongola miyendo yakutsogolo, kenaka yakumbuyo, n'kuima akunjenjemera, atalozetsa mutu kumene kunkachokera mawuwo.

"Dede, dede."

Phazi limodzi linatukuka.

Laimoni anatuluka, n'kutseka chitseko, n'kuchitsamira ndi msana. Esinala anamufunsa chimene chamutulutsa thukuta chotero. Iye anati m'shedi mukutentha.

Madzulo a tsiku limenelo, akutsetsereka kanjira kuchokera kogula ndodo zowotcherera, anakumana ndi mayi wina amene sanamuonepo. Anali atasenza mtolo wa nkhuni, nkhope itabisika pansi pa mtolowo, ndipo ngakhale kanjirako n'kodzaza miyala, mapazi ake sankamveka. Laimoni anapatuka kuti adutse, n'kupereka moni.

"Ndaswera," anatero mayiyo osaima. "Ana anu awiri aja, mbale mwawapatsa imodzi."

"Ndili ndi mwana mmodzi, mayi."

Mayiyo anangomudutsa. Anapitirira kukwera, ndipo Laimoni sanafune kutembenuka kuti aone kumene analowera.

Akanatha kuulula tsiku limenelo. Koma mpikisano unali Loweruka, ndipo aphunzitsi a kusukulu yamadzulo anali atauza kalasi yonse kuti a ku koleji akaona makina oyenda chotero sangamusiye Laimoni kuti azingowotcherera mbaula. Iye ankaona kale Tinyade atavala yunifolomu ya sukulu yabwino. Ankadziuza kuti zonsezi akuchitira mwana yemweyo, ndipo Loweruka likadutsa aona chochita.

Lachitatu Bizaliele anabwera ndi chitsulo cha paipi kuti ayese ngati Gogoda angapirire kumenyedwa. Anachita zimenezi pabwalo la kuseri, Esinala ndi mwana ali m'nyumba.

"Kumeneko sakamunyengerera, aise. Kuli wina wa ku Ndirande, akuti makina ake ali ndi chikwanje chozungulira. Amayamba kudula miyendo."

Anamenya mwendo wakumanzere wakumbuyo, osati mwamphamvu. Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka kukuwa kumene Laimoni anali asanakumvepo chibadwire cha mwana wake. Anathamanga. Anapeza Esinala atamunyamula, akumuvula thewera, akufufuza ngati walumidwa ndi chinkhanira. Pa katumba ka mwendo wakumanzere panali mzere wofiira, wautali ngati chala, ukutupa iwo akuona.

Bizaliele anaima pakhomo, paipi ikadali m'manja. Anaiyang'ana, n'kuiika pansi mwakachetechete.

"Alamu," anatero, "pali nkhani. Koma anene ndi mwini wake."

Laimoni ananena zonse, kuyambira Lamlungu lija. Esinala anamvetsera akugwedeza mwana paphewa. Sanakuwe. Atamaliza, anafunsa funso limodzi.

"Masabata awiri ndi theka ndikugwada pabwalo paja ngati wamisala, inu mukudziwa?"

"Ndimati n'zongochitika."

"Sukulu yamadzulo inakuphunzitsani zambiri, bambo a Tinyade. Tengani chinthu chanucho chibweze zimene chinatenga."

Laimoni anati achinyamula n'kuchidutsitsa pamwamba pa mwana chambuyo. Esinala anapukusa mutu.

"Inu munadumphapo mwana muli wamng'ono, amayi anu n'kukunyamulani? Amabwerera yekha wodumphayo, ndi miyendo yake."

Lachinayi lonse Laimoni anagwira ntchito imene anaikana poyamba. Anachotsa nyundo pamsana pa Gogoda. Anawotcherera mafuliwilo onse awiri kuti agwire mbali zonse, podziwa kuti akatero mota zidzapsa tsiku loyamba kukankhidwa. Ndodo yowotcherera isanakhudze chitsulo anauza Esinala kuti apite ndi mwana kutali, kumsika, ndipo ankawotcherera pang'onopang'ono, akuthira madzi msangamsanga, akupepesa chamumtima. Esinala atabwera anati mwana analira njira yonse koma alibe chilonda. Bizaliele analumikiza mawaya atsopano kuti mota zizitha kuzungulira chobwerera. Tsiku lonse sananene nthabwala ngakhale imodzi.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa kuseri kwa phiri, anayala thumba lomwe lija pakhomo pa shedi. Esinala anakhala pansi, n'kukhazika mwana patsogolo pake, atamukumbatira pachifuwa, timiyendo tili tambalale. Laimoni anaimika Gogoda panja, kumbuyo kwake kutaloza mwana, pamalo pomwe anaima tsiku lija. Laimoni anayang'ana mapazi a chitsulo, n'kuyang'ana mawondo a mwana wake, aang'ono ngati mandimu. Makinawo ankalemera kuposa theka la thumba la simenti, ndipo anali asanayendepo chambuyo ngakhale sitepe imodzi.

"Tiyese kaye pambali," anatero.

Anayesa. Bizaliele atakankha kabatani, mota zinalira, matcheni anakungika, koma miyendo inangoti gwa. M'kati mwa kulira kwa motazo munali kamawu kena, kopyapyala, kokoka, kamene kholo lililonse limakadziwa: ka mwana amene akumulanda chinthu m'manja.

"Akukana," ananong'ona Bizaliele. "Ndiwonjezere moto?"

"Ayi."

Laimoni anabwezera Gogoda pamalo paja. Anagwada patsogolo pake, n'kugwira miyendo iwiri yakutsogolo cha m'mwamba, mmene ankagwirira manja a Tinyade. Chitsulocho chinali chofunda, ngakhale chinali chitakhala pamthunzi. Chinkanjenjemera m'manja mwake.

"Ndakuona," anatero motsitsa. "Wayenda bwino. Palibe amene anayenda ngati iwe. Wolakwa ndine, ndinakupanga miyendo osakupatsa mayendedwe ako. Koma amene uli nawowa ndi a mwana. Tiye, ndikugwira. Sugwa."

Anagwedezera mutu Bizaliele. Mota zinaliranso. Kwa kanthawi panalibe chinachitika. Kenaka phazi lakumbuyo linatukuka, n'kupita m'mbuyo, n'kuima m'malere pamwamba penipeni pa bondo la Tinyade. Linakhala pamenepo likugwedera. Esinala anatseka maso, milomo ikuyenda. Mwanayo anatambasula dzanja kuti aligwire, mayi ake n'kulibweza.

"Tiye," anatero Laimoni, akuyenda ndi mawondo. "Pang'ono pokha. Ndili pompano."

Phazilo linatsika tsidya lina, gu. Lachiwiri linatsatira. Mimba ya chitsulo inadutsa pamwamba pa timiyendo, mthunzi wake n'kutiphimba. Esinala anapendekera kumbali ndi mwana kuti nkhope isakhudzidwe. Lachitatu linakhula thumba, n'kulikoka pang'ono, n'kudutsa. Pa lachinayi Laimoni anatambasula manja mpaka mapewa kuwawa, chifukwa iye sankafuna kudumphanso mwanayo. Anasiya pamene phazilo linagunda simenti ya m'shedi.

Gogoda anaima yekha kanthawi kochepa. Kenaka miyendo inakolana, n'kugwa chafufumimba, monga ankagwera kale. Kamawu kaja kanali katasiya. Laimoni atazungulira n'kukamukhudza, anapeza chitsulo chozizira.

Tinyade anayasamula, n'kugona pomwepo m'manja mwa mayi ake.

Lachisanu sanaimirire. Loweruka Laimoni sanapite ku koleji. Bizaliele anapita yekha kukaonerera, n'kubwera ndi nkhani yoti wa chikwanje uja anadula miyendo ya makina atatu, ndipo m'gulu lonse la opanda matayala munalibe amene anayenda masitepe khumi osagwa.

"Ukanawina, aise," anatero, kenaka anayang'ana mwana amene anali pamphasa. "Iyayi. Ndalankhula zopusa."

Lamlungu linadutsa, Lolemba n'kudutsanso. Esinala anasiya kugwada pabwalo, ndipo ankalankhula ndi mwamuna wake zofunika zokha. Laimoni ankati akagwira timiyendo ta mwana pomusambitsa, ankafunafuna mphamvu m'menemo osaipeza. Anayamba kuganiza kuti mwina anachedwa, kuti mwina zobwezedwa pakatha masabata atatu sizipezanso mwini wake.

Lachitatu m'mawa anatulutsa zipangizo zake panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuyamba kupala geti la kasitomala ndi chopalira chamagetsi. Atachizimitsa kuti asinthe mbali, anamva mapazi kumbuyo kwake.

Sanatembenuke. Anagwira geti ndi manja onse awiri, n'kutchera khutu. Sitepe imodzi. Kuima. Kenaka atatu ofulumira. Ankadikira kulira kwa tcheni, ankadikira kugogoda kwa mphira yolimba. Koma mapaziwa ankagwa mofewa pa dothi, ngati madontho oyamba a mvula, ndipo pamodzi nawo pankamveka kupuma kwa phuma kwa munthu wamng'ono amene akugwira ntchito yaikulu.

Timanja tiwiri tinagwira buluku lake kuseri kwa bondo, n'kukoka.

"Ikani zitsulo pansi, bambo a Tinyade," anatero Esinala ali pakhonde. "Mlendo wanuyo wabwera yekha wapansi."